Foni yoimba ndi manja

Mnzanga amene ndikufuna kusimba za iye ndi telala wa ku Zingwangwa, ndipo sindilemba dzina lake la m'kaundula, chifukwa pakati pa anzake dzinalo siligwira ntchito kwenikweni. Dzina limene amadziwika nalo ndi lamanja: chala chamkombaphala chimagunda kawiri pa nsidze ya kumanja, pamene pali chipsera chimene chinatsala atagwa mumtengo wa mango ali mwana. Dzina langa kwa iye ndi zala ziwiri zokankha magalasi pamphuno, chizolowezi chimene sindinkadziwa kuti ndili nacho mpaka tsiku limene anandipatsa dzinalo. Anasiya kumva ali ndi zaka 6 atadwala malungo aakulu, ndipo pulayimale anaphunzira pa sukulu ya ana osamva ya Mountain View ku Bvumbwe. Tinadziwana m'chaka cha 2011 nditapita kukachepetsa thalauza la pakaunjika, ndipo chiyambire pamenepo chovuta pa ubwenzi wathu sichinakhalepo kucheza tikakhala pamodzi, koma kupezana tikatalikirana, iye ku Zingwangwa ine ku Chirimba, minibasi ziwiri pakati pathu.

Zaka zoyambirira ndinkaimba pa kafoni ka mabatani ka mchemwali wake. Ndinkapereka moni, kenako n'kunena kuti, "Achemwali, muwauze achimwene kuti Loweruka ndibwera," ndipo ndinkamva foni ikuikidwa pa tebulo, kenako kachetechete wa anthu amene akulankhulana ndi manja, mpaka mawu a mayiyo abwerere ndi yankho. Zinkayenda ndithu, malinga nkhaniyo ikhale ya nsalu kapena ya mpira. Koma m'chaka cha 2013 zinthu zinandithina, ndipo munthu yekhayo amene ndinkadziwa kuti angandibwereke K15,000 osandinyoza anali iyeyo. Ndinalibe ya minibasi yoti ndikamuuze pamaso, choncho pempho langa linadutsa m'khutu la mchemwali wake. Ndalamazo ndinalandira, koma pasanathe sabata mayi awo anandiimitsa pa msika, anandigwira dzanja mwachifundo, n'kundifunsa ngati mavuto aja anachepako. Tsiku limenelo ndinalawa kamodzi kokha chimene mnzangayo amadya tsiku ndi tsiku: kukhala munthu wamkulu amene chinsinsi chake chilichonse, cha ngongole, cha matenda, ngakhale cha mkazi amene akumufuna, chiyenera kudzera mwa munthu wachitatu.

Atagula foni yakeyake tinayamba kulemberana mauthenga, ndipo ndinaganiza kuti vuto latha. Silinathe, linangosintha malo. Ambiri a ife amene timamva timaganiza kuti munthu wosamva akadziwa kulemba ndiye kuti zonse zili bwino, osazindikira kuti chinenero chimene iye amaganizira ndi chamanja, ndipo Chichewa cholemba kapena Chingerezi ndi chinenero chachiwiri chimene anachiphunzira m'kalasi. Mauthenga ake ankabwera motere: "Mawa nsalu iwe bwera." Munalibe moni, munalibe "chonde", ndipo kwa Mmalawi amene anakula akudziwa kuti sungafunse njira usanafunse za moyo, uthenga wotero umamveka ngati lamulo la kapitawo. Kwa milungu ingapo ndinkaganiza kuti wandikwiyira. Patapita nthawi ndinazindikira kuti ulemu wake wonse uli pankhope: funso amalifunsa ndi nsidze, kupepesa amakuonetsa ndi mapewa ndi maso, nthabwala ili m'masaya. Uthenga wolemba unkandibweretsera mafupa okhaokha a zimene wanena, mnofu n'kutsala ku Zingwangwa.

Pali chinthu chodabwitsa m'mbiri ya lamya chimene ndimachiganizira kawirikawiri. Alexander Graham Bell, amene anapatsidwa chiphaso cha umwini wa telefoni m'chaka cha 1876, anali mphunzitsi wa ana osamva. Mayi ake anali ndi vuto la kumva, ndipo mkazi wake, Mabel Hubbard, anali wosamva. Komabe chipangizo chimene anasiyira dziko chinatsekera anthu osamva kunja kwa zaka pafupifupi 90. Bell yemweyo anali m'gulu la anthu amene ankalimbikitsa kuti ana osamva aziphunzitsidwa kulankhula ndi pakamwa m'malo mogwiritsa ntchito manja, maganizo amene anapambana pa msonkhano wa aphunzitsi ku Milan m'chaka cha 1880 ndipo anasautsa ana ambiri m'sukulu za m'mayiko osiyanasiyana. Amene anatsegula chitseko anali munthu wosamva, Robert Weitbrecht wa ku America, katswiri wa sayansi, amene m'chaka cha 1964 anapanga kachipangizo kolumikiza makina akale otumizira mauthenga olemba ku waya wa telefoni. Munthu ankataipa kuno, zilembo n'kumatuluka uko. Popeza waya unkalola munthu mmodzi pa nthawi imodzi, anapanga mwambo wawo: ukamaliza kulemba unkaika GA, kutanthauza kuti nawe lankhula, ndipo pofuna kudula foni unkaika SK.

Makina amenewo sindinawaonepo m'nyumba iliyonse muno mu Blantyre, ndipo n'zosadabwitsa, poti ngakhale foni ya waya yeniyeniyo inali ya m'maofesi ndi m'nyumba zochepa za kumayadi. Ife tinalumpha gawo lonselo. Kuchokera pa mchemwali wogwira foni tinafika pa SMS, ndipo kuchokera pa SMS tinafika pa kanema. WhatsApp inayamba kulola kuimbirana moonana kumapeto kwa chaka cha 2016, mnzangayo anagula foni yamakono yogwiritsidwapo kale ntchito ku Limbe m'chaka cha 2018, ndipo madzulo ena ndili pa khonde foni yanga inalira, pagalasi n'kuoneka nkhope yake, yaikulu, yoyandikira kwambiri, chipsera chija chili poyera.

Ulendo woyambawo unatha mphindi zosakwana zitatu, ndipo wolephera ndinali ine. Ndinagwira foni ndi dzanja lamanzere, ndiye ndinatsala ndi dzanja limodzi lolankhulira, zimene zili ngati kulankhula utaluma chitsononkho. Kumbuyo kwanga kunali dzuwa lolowa, choncho iye ankangoona mthunzi wakuda wokhala ndi makutu. Ndipo mwachizolowezi ndinayamba ndi kufuula kuti "Halo!", kenako n'kuika foni kukhutu, moti kwa kanthawi mnzangayo anaonerera mkati mwa khutu langa. Anaseka mpaka misozi. Pa zaka zonse zimene tinadziwana, anthu ankamutenga iye ngati wopereweredwa pa nkhani ya foni. Tsiku limenelo pulogalamu inatembenuza zinthu, ndipo amene ankachita chibwibwi, wosowa mawu, wofunika kumulezera mtima, ndinali ine.

Anandiphunzitsa limodzilimodzi malamulo amene sanalembedwe m'buku lililonse la malangizo a foni. Foni iyenera kutsamira pa chinthu, ndipo kwathu chitini cha shuga chinapeza ntchito yachiwiri. Kuwala kukhale kutsogolo kwako, osati kumbuyo. Ukhale patali ndithu kuti pagalasi pazioneka kuyambira pamchombo mpaka pamwamba pa mutu, chifukwa m'chinenero chamanja malo amene dzanja laima ndi mbali ya tanthauzo; dzanja lomwelo likakhala pachipumi ndi mawu ena, likakhala pachifuwa ndi enanso. Usayang'ane kumbali mnzako akulankhula, pakuti kutero n'chimodzimodzi kutseka makutu. Za zovala anachita kundikonzera yekha. Ndinkakonda malaya a chitenje a maluwa, ndipo iye anadandaula kuti zala zanga zimasowa m'maluwamo, makamaka netiweki ikafooka. Patapita sabata ananditumizira malaya osalemba chilichonse, a mtundu umodzi, opanda kolala, amene kunyumba kwathu mpaka lero amatchedwa malaya a foni. Kuyambira 2021, pamene WhatsApp ya pakompyuta inayamba kulola kuimba moonana, ndimakonda kugwiritsa ntchito laputopu, chifukwa imaima yokha, galasi lake ndi lalikulu, ndipo manja onse awiri amakhala omasuka.

Chimene chimandipweteka pa mapulogalamu amenewa n'chakuti anapangidwa ndi maganizo a munthu wakumva. Intaneti ikayamba kuvuta, pulogalamu imateteza mawu n'kupereka chithunzi nsembe: mawu amapitirira bwinobwino, koma chithunzi chimachita mbuu, chimadumphadumpha, kapena kuuma kumene. Kwa anthu awiri akumva zimenezo n'zanzeru, poti nkhope ndi ndiwo chabe, nsima ndi mawu. Kwa ife nsima ndi chithunzicho. Chizindikiro chamanja ndi kayendedwe, ndipo zithunzi zingapo zikatayika panjira umaona dzanja lili pamwamba, kenako lili pansi, osadziwa kuti ladutsa njira iti. Choyamba kufa ndi kulemba zilembo ndi zala, kumene timatchulira mayina a anthu ndi malo, chifukwa zala zimasintha mofulumira kuposa mmene netiweki yofooka ingatsatire. Tsiku lina anandiuza za maliro, ndipo dzina la womwalirayo analibwereza kanayi, ine osaligwira, mpaka analemba ndi choko cha telala pa kansalu kakuda n'kukaonetsa ku kamera. Ndikanakonda pakanakhala batani limodzi louza pulogalamu kuti mawu onse atayidwe, mphamvu yonse ipite ku chithunzi.

Mawuwo, amene sitiwafuna, anabweretsanso vuto lina limene sindinaliyembekezere. Kwa miyezi ingapo ndinkamva zonse zochitika m'nyumba mwake: wailesi ya anansi, mchemwali wake akukalipira ana, ngakhale tsiku lina anthu akumunena iye mwini ali kumbuyo kwake. Iye sankadziwa kuti foni ikutumiza zimenezo, ndipo panalibe chifukwa choti aganizire za maikolofoni. Ndinazengereza kumuuza, mwina chifukwa cha manyazi oti ndamvetsera nthawi yaitali. Nditamuuza anakhala duu, kenako anandifunsa kuti ndamva zotani. Ndinamuuza zina. Kuyambira tsiku limenelo chinthu choyamba chimene amachita foni ikalumikizana ndi kuzimitsa maikolofoni, asanapereke n'komwe moni.

Za mtengo sindichulutsa, poti aliyense amene anagulapo bandulo akudziwa kuti kanema amadya ngati dzombe, ndipo munthu wosamva alibe mwayi wosankha njira yotchipa ya mawu okha. Chimene anthu sachiganizira ndi mdima. Mabandulo otsika mtengo kawirikawiri amakhala a usiku, nthawi imene telala waweruka, koma usiku wopanda magetsi ndi usiku wopanda chinenero. Madzi osefukira a namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, tinakhala miyezi yambiri magetsi akuzimazima, ndipo tinayesa kandulo, imene imaonetsa nkhope koma manja n'kukhala mizukwa pakhoma, kenako tochi yopachika pa msomali. Mu Malichi 2023, usiku umene namondwe Freddy anagumula phiri la Soche matope n'kukokolola nyumba ku Chilobwe, ndinamuimbira kambirimbiri. Foni yake imadziwitsa mwa kunjenjemera ndi kuthwanima, koma batire linali litatha, ndipo machenjezo ambiri ankadutsa pa wailesi. Ndinamupeza patapita masiku awiri, nditayenda wapansi gawo lina la ulendo, ali bwinobwino akuyanika nsalu za makasitomala. Anadziwa za tsokalo m'mawa mwake, poona nkhope za anthu mumsewu.

Anthu amandifunsa za mapulogalamu amene amasandutsa mawu kukhala zilembo. Tinawayesa. Wotchuka ndi Live Transcribe wa Google, amene anatuluka m'chaka cha 2019, wopangidwa mothandizana ndi Gallaudet University, sukulu yaukachenjede ya anthu osamva ku Washington, ndipo mmodzi mwa akatswiri ake, Dimitri Kanevsky, ndi wosamva. M'Chingerezi amagwira ntchito modabwitsa. Koma pa nthawi imene tinkayesa, Chichewa sichinali pa mndandanda wa zinenero zake, ndipo nditanena kuti "mwadzuka bwanji" pagalasi panatuluka mawu a Chingerezi opanda mutu. Google Translate inalandira Chichewa cholemba m'chaka cha 2014, koma kumva ndi nkhani ina: kuti makina aphunzire kumva chinenero amafunika mawu ojambulidwa a anthu ambirimbiri, amuna ndi akazi, a ku Ntcheu ndi a ku Mulanje, pamodzi ndi zolemba zake, ndipo chuma chotero cha Chichewa n'chochepa. Kuti pulogalamu indimve ndinayenera kulankhula Chingerezi pang'onopang'ono kwa mnzanga amene tadziwana kwa zaka khumi, ngati ndikufunsira ntchito. Ndiponso imangothandiza mbali imodzi. Imatengera mawu anga kwa iye, koma manja ake siiwaona. Tinaisiya.

M'mayiko ena pali anthu olembedwa ntchito yokhala pakati. Ku America lamulo la 1990 loteteza anthu olumala linakhazikitsa ntchito yolumikiza mafoni m'dziko lonse, ndipo munthu akaimba 711 amapeza wothandiza amene amawerenga zimene wosamva walemba n'kuzinena kwa wakumva. Palinso njira ya kanema, mmene womasulira chinenero chamanja amaonekera pagalasi. Ku Britain amayamba ndi 18001 asanaimbe nambala. Kuno tili ndi lamulo la anthu olumala, tili ndi bungwe la anthu osamva la MANAD limene lakhala likumenyera chinenero chamanja, ndipo timaona omasulira pakona ya kanema nthawi ya nkhani, koma omasulira ophunzitsidwa ndi ochepa, ndipo telala wa ku Zingwangwa akafuna kuimbira kasitomala alibe nambala yoti aimbe. Amaimbira ine. Laputopu imakhala patsogolo panga, iye ali mmenemo, foni ili pambali pa sipika, ndipo ine ndimakhala mlatho. Ndinazindikira mochedwa kuti mpando umene ndinakhalapowo ndi uja wa mchemwali wake.

Panali mayi wina amene anasoketsa madiresi 8 a operekeza mkwatibwi, analipira theka, n'kutsala ndi K120,000. Ukwati unachitika, zithunzi zinayenda pa Facebook, miyezi itatu inadutsa. Mnzangayo anandipempha kuti tiimbe. Mayiyo atayankha, iye analankhula ndi manja olimba, nsidze zitatsika, chala chikugunda tebulo: ndalama zanga ndikuzifuna Lachisanu, ndadikira mokwanira, mukapanda kubweretsa nkhaniyi ipita kwa amfumu. Ine pakamwa panga panatuluka izi: "Mayi, pepani kukuvutitsani, akuti mwina mutawaganizirako pang'ono sabata ino, poti zinthu zavutako." Sindinachite kukonza, ndi mmene ndinaleredwera kulankhula ndi mayi wamkulu amene sindimudziwa. Mayiyo anayankha mokoma kuti aona, kenako anawonjezera kuti, "Inu ndinu m'bale wake? Mulungu akudalitseni posamala anthu oterewa." Mawu amenewo sindinawamasulire. Ndinangomuonetsa mnzangayo kuti akuti aona, ndipo foni inaduka.

Iye anali akundiyang'ana nthawi yonseyo. Amawerenga milomo pang'ono, koma sanafunikire milomo. Anaona khosi langa litapendekeka, anaona kumwetulira kwanga kopepesa, anaonanso kuti mayiyo analankhula nthawi yaitali pamene ine ndinamasulira ndi zizindikiro ziwiri zokha. Anandifunsa kuti, "Iwe wanena chiyani?" Ndinayesa kufotokoza za ulemu, kuti munthu wokhala ndi ngongole yako sumuopseza, kuti mawu ofewa ndiwo amabweza ndalama. Anandidula ndi dzanja. Zimene ananena, ndikazimasulira mosachotsera, ndi izi: "Ntchito ndi yanga, kasitomala ndi wanga, mkwiyo ndi wanga. Ngati ndalakwitsa, ndilakwitse ndine. Iwe ndakubwereka pakamwa, sindinakubwereke mutu." Kenako anapanga chizindikiro cha dzina la mchemwali wake, n'kuloza ine, n'kugundanitsa zala ziwiri kutanthauza kuti ndife amodzi.

Omasulira ophunzitsidwa ali ndi mwambo umene ine ndinali ndisanauganizire: amanena zonse zimene zanenedwa, zokoma ndi zowawa, kumbali zonse ziwiri, ndipo amalankhula ngati mwini mawu, kunena kuti "ine" osati "akuti". Kamawu kakuti "akuti" kamaoneka kosalakwa, koma kamachotsa munthu m'chipinda. Anthu awiri akumva amatsala akukambirana za iye ngati za mwana kapena wodwala. Ndinamuuza zimene mayiyo ananena za anthu oterewa. Sanadabwe, anangokweza phewa limodzi ngati munthu amene wamva nyimbo yakale. Anandiuza kuti ndiimbenso.

Ndinaimba, ndipo mayiyo atayankha ndinafotokoza kuti amene akulankhula ndi telala, ine ndikungomasulira, ndipo chilichonse chimene anene ndichipereka monga chilili. Kenako ndinayang'ana pagalasi n'kutsatira manja. "Mayi, ndine amene ndinasoka madiresi 8 a ukwati wa mwana wanu. Ndinagona mochedwa masabata awiri kuti athe pa nthawi yake. Ndalama zanga zotsala ndi K120,000, ndipo ndikuzifuna Lachisanu." Thukuta linali likuyenderera mkati mwa malaya a foni aja. Kumbali inayo kunakhala zii, mpaka ndinayang'ana ngati foni yaduka. Kenako mayiyo anafunsa, mawu atasintha, "Kodi ndikulankhula ndi ndani kwenikweni?" Funsolo ndinalipereka ku manja monga linalili, ndipo mnzangayo anadziloza pachifuwa, n'kugunda kawiri pa nsidze ya kumanja. Ndinatchula dzina lake la m'kaundula. Lachisanu mayiyo anatumiza K70,000 pa foni, ndipo yotsalayo inabwera mwezi wotsatira, atatumiza mwana kudzasiya pa shopu pamodzi ndi nsalu ina yoti asokedwe siketi.